Pepala la Nemesio

Ku Chimbote kumacha ndi fungo la nsomba.
Timafika tisanayambe kuonana nkhope,
amayi makumi asanu pachipata cha fakitale,
mpeni m'chikwama, nsapato zamphira kukhwapa.
Nemesio amatuluka ndi pepala.
Sakalipa. Sanamenyepo munthu.
Amangoitana mayina makumi awiri,
n'kupinda pepalalo, n'kulowetsa m'thumba la malaya.

Otsalafe timayang'ana pansi
ngati tagwetsa ndalama m'fumbi.

Chaka chatha Casilda anafunsa za magolovesi.
Kufunsa chabe, mwaulemu,
zala zake zitang'ambikang'ambika ndi mchere.
Anamuyankha mokoma: tiona, mayi.
Kuyambira tsikulo dzina lake linauma papepala
ngati thovu pamchenga.
Palibe anamuchotsa ntchito.
Ungamuchotse bwanji munthu amene sunamulembe?
Lero amagulitsa mazira owiritsa pokwerera basi,
ndipo tikamadutsa timaponya phazi msanga,
kuopa kuti funso lake lingatipatsire ngati chimfine.

Ndaphunzira kuseka nthabwala zosaseketsa.
Ndaphunzira kumeza mawu ali otentha.
Mnzanga akatsokomola pamzere
mtima wanga umawerengera malo ake,
kenako ndimachita manyazi,
kenako ndimawerengeranso.
Kapepala koitanira kumsonkhano wa antchito
ndinayatsira mbaula ndisanakawerenge.
Ayi, ndanama. Ndinakawerenga kawiri.

Mwini nyumba sadziwa kuti nyanja ili ndi nyengo.
Buku la ngongole kugolosale kwa Hermelinda
lili ndi tsamba langa, lodzaza mbali zonse.
Safunika chingwe anthu awa.
Lendi ndiye chingwe, ndipo timadzimanga tokha.

Amati njala ndiyo imadzutsa munthu,
wokhuta amagona mpaka dzuwa paliwombo.
Koma ine ndinaonapo zina.
Nyengo ina nsomba zitachuluka
dzina langa linaitanidwa miyezi inayi osadumpha tsiku.
Ndinkagona tulo teniteni, tolota.
Ndinabzala tsabola m'zitini zotayidwa za fakitale yomweyo.
Ndinaphunzitsa Eulalia wanga kuwerenga nthawi pawotchi.
Ndinakumbukira kuti ndimatha kuimba.
Msana unawongoka wokha,
ndipo tsiku lina, ndikutumbula nsomba,
ndinafunsa mnzanga wapambali
kuti chitini chimodzi amachigulitsa zingati kutsidya kwa nyanja.
Anawerengera. Nanenso ndinawerengera.
Tinayang'anana.

Mwina n'chifukwa chake miyezi ija sinakwane isanu.

Usiku uno ndikunola mpeni pakhomo,
mbalame zam'nyanja zikukangana padenga la fakitale.
Eulalia wabwera ndi kope losowa masamba,
akuti, amama, mawa mukalowa?
Ndatsegula pakamwa,
patuluka mawu a Nemesio: tiona.

Wandiyang'ana nthawi yaitali.
Kenako watenga kapu ya madzi otsukira mbale,
wakathirira tsabola mmodzi yekha amene anatsala,
wopindika, wa masamba asanu ndi awiri.
Wawawerenga mokweza,
limodzilimodzi,
osasiya ndi limodzi lomwe.