Kuwerenga Mabotolo ku Thaba-Tseka

Lolemba lililonse ndimayamba ndi kuwerenga.
Osati ndalama, osati nkhosa za bambo anga
zimene zinathera m'chipale chaka chija,
koma mabotolo oyera pa shelefu yachitatu,
lililonse mapiritsi makumi atatu,
lililonse mwezi wathunthu wa munthu.

Lero alipo makumi anayi ndi limodzi.
M'kaundula muli mayina zana ndi asanu ndi awiri.
Masamu otere safuna sukulu.

Lole ya ku Mafeteng inanyamuka Lachinayi, akuti.
Akuti! Mawu amenewa ndawadya mpaka kukhuta.
Inapeza msewu wa pa Mokhoabong utayera mbee,
dalaivala anagona m'galimoto usiku uwiri
makatoni ali kumsana kwake ngati ana,
kenaka anatembenuka.

Fomu yoitanitsira katundu ndinaitumiza nthawi yabwino,
nditakwera mwala wa kuseri kwa chipatala
foni m'mwamba, kupemphetsa netiweki kwa mphepo.
Kumeneko wina anaiona mochedwa,
wina anali kumaliro,
wina ankadikira siginecha ya wina amene ankadikira mafuta.
Palibe mfiti pa nkhaniyi.
Unyolo umaduka pamene padya dzimbiri,
ndipo dzimbiri silichita phokoso.

Ntate Lebusa afika dzuwa lili pamutu,
bulangete mpaka m'makutu, ndevu zili ndi madzi oundana.
Anyamuka nkhuku zisanatsike.
Amayembekeza miyezi itatu m'thumba;
ine ndawapatsa kaenivelopu ka mapiritsi khumi ndi anayi.
Awerenga ndi chala, pang'onopang'ono, kawiri.
"Ndiye ndibwerenso, mwanangu?
Hatchi yanga ndi nkhalamba kuposa ine."
Sanakalipe.
Akanakalipa bwenzi nditapepukidwa.

Ku labotale nako kuli zii.
Timachubu ta magazi tatsala tisanu ndi tiwiri,
tinayi tinapitirira tsiku lake mwezi watha.
Puseletso, mimba ya miyezi isanu ndi itatu,
watambasula mkono asanauzidwe,
akufuna kudziwa ngati kachilombo kagonadi
mwana asanagogode.
Kamodzi n'kake. Tatsala tiwiri.

Masana ndakweranso mwala uja.
Ndaimbira Nthabeleng wa ku Mantšonyane,
amene tinkabwerekana sopo kusukulu ya zamankhwala.
Iye ali ndi mabotolo makumi asanu ndi limodzi
amene atha mphamvu mu Seputembala ali pa shelefu,
koma alibe zoyezera, anthu akubwerera pakhomo.
Ine zoyezera ndili nazo mabokosi atatu, zikungondiyang'ana.
Taseka ngati akuba.

Mawa Tšeliso adzamanga bokosi lozizira pa njinga yamoto,
adzapita ndi zanga, adzabwera ndi zake,
akadzagwa m'matope adzadzuka, amatero nthawi zonse,
amati magazi a anthu salola munthu kugona pansi.

Kusinthana kotere kulibe mzere wake pa fomu.
Ndajambula mzere ndi rula, ndalemba ndithu,
tsiku, nambala ya katoni, dzina langa lonse,
kuti a ku Maseru akadzatsegula buku ili
adzaone pamene mapazi athu apondaponda
ndipo mwina adzalambulepo msewu:
nkhokwe ina kuno kumapiri,
katundu wa dzinja wofika chipale chisanagwe,
kompyuta imodzi yodziwa kuti shelefu yanga ndi ya Nthabeleng
ndi shelefu imodzi, yangotalika.

Usiku, eyiti koloko, foni yalira kachizindikiro kake.
Ndatseka chitseko, ndatunga madzi m'kapu.
Dzina la nambala sikisite-firii m'kaundula muja
ndi la mkazi amene ndimamudziwa bwino,
amene sakwera hatchi kudzatenga mankhwala,
amangotambasula dzanja pa shelefu yachitatu.
Nayenso lero ndamupatsa khumi ndi anayi.

Ndameza limodzi.
Atsala khumi ndi atatu,
ndipo kunja kwayambanso kugwa chipale.