Mita ya ku Zingwangwa

Galasi lake lachita ng'ala.
A Likoswe amagwada, kulipukuta ndi chala,
n'kulemba nambala yomwe mtima wawo wakonda.

Inaikidwa chaka chomwe ndinabadwa.
Mpopi ukauma masiku atatu
iyo imazungulirabe, kuwerenga mphepo,
ine n'kumalipira mpweya pa mtengo wa madzi.

Dzulo kunabwera kalata.
Akuti sankhani: yolipiriratu,
muzigula mayunitsi ngati a magetsi,
mtengo wa mitayo tizidula pang'onopang'ono;
apo ayi dikirani, tidzakonza yakaleyo
zipangizo zikadzafika,
ndalama zakunja zikadzapezeka.

Pabwalo pano mabanja ndi asanu, mpopi umodzi.
Mayi Namacha amachapa zovala za ku Namiwawa.
Mnyamata wa kabaza amasamba kawiri.
Mayunitsi akadzatha pakati pa usiku
tidzagogoda chitseko cha yani?

Yakaleyi ndi yabodza, inde,
koma imakongoza.
Yatsopanoyo siinama,
siidziwanso kuti malipiro amachedwa.

Kalata ija ndaipinda kanayi,
ndatchingira chivundikiro chothyoka.
Kunsi kwake kasingano kakuthamanga,
ndowa ili pululu.