Phulusa

Tinakapeza m'mawa titatentha nzimbe,
kumunda wakumapeto, cha ku Nchalo,
katadzipinda m'ngalande ngati nsanza.
Make anali chapatsogolo, waya pakhosi,
ubweya ukufukabe utsi.
Anzanga anamugawana ndi zikwanje.
Ine ndinavula malaya, ndinakulunga kamwanako.

Alufandika anaseka:
"Wasankha ndiwo zosakhwima."

Kunyumba Chanazi anangoti,
"Mbuzi yathu ndi imodzi, bambo,
ndipo ili ndi wake."
Komabe ndi iye anatsuka botolo la sobo,
nadula chala cha golovesi yanga yakuntchito,
n'kuchiboola ndi munga.

Masiku awiri kanakana.
Usiku wachitatu, kutentha kwa Okutobala
kutatithamangitsira panja pa mphasa,
ndinamva kamphuno konyowa kakufufuza khutu langa.
Kanayamwa khutu,
kenako chala,
kenako botolo.
Kutacha tinati dzina lake ndi Phulusa.

Anadya kholowa, anadya masawu akugwa,
anadya theka la kope la masamu la Zuze.
Tinam'manga kansalu kofiira m'khosi
kuti agalu ndi eni ake adziwe
kuti mbawala iyi ili ndi kwawo.

Madzi atasefukira mu Januwale
ena ananyamula wailesi, ena nkhuku, ena thumba la mapira.
Ine ndinafika kusukulu madzi ali m'chiuno,
Phulusa paphewa,
mtima wake ukugunda pakhosi panga.
M'kalasimo anthu anaseka, koma anam'patsa malo.

Kenako nyanga zinamera.
Poyamba tinkazisisita ngati mano a khanda.
Tsiku lina zinang'amba ntchafu ya Zuze,
mosewera chabe,
masitichi asanu ku Montfort.

Ndinapalasa njinga mpaka ku Lengwe ndekha.
A zanyama anabwera ndi galimoto ndi buku,
anandidzudzula pang'ono, analemba dzina langa molakwika.
Kansalu kaja ndinamasula ndine.
Sanatembenuke. Ankanunkhiza mphepo.

Pano tambala woyamba akalira ndimadzukabe,
dzanja likufufuza botolo pawindo.
Muli nyerere zokha.

Lamulungu lina ndimadutsa kumpanda kuja,
n'kuimba kaluzu kathu.
Mbawala zimadzutsa mitu pansi pa mlambe,
zonse zofanana,
n'kuthawa.
Ndimati zili bwino, athawe ndithu,
aphunzire kuopa munthu.
Ndimatero,
koma njinga ndimaikankha pamanja
mpaka mpanda utatha.