Mzera Wofiira

Ntchito yanga ndi kukana.
Zaka khumi ndi zinayi pa geti la sitima yam'mwamba,
m'paki yamasewera muno mu Izmir,
ine Tuncay, malaya achikasu,
ndi thabwa langa la mzera wofiira.
Mutu ukapanda kufika pamzerapo, palibe kukwera.

Ana ndimawadziwa.
Wina amanyang'ama, zidendene m'malere,
wina amapinda matikiti akale m'nsapato,
kamtsikana kena kanamanga tsitsi njo! ngati chinanazi
nkundiyang'ana m'maso osaphethira.
Amenewo ndimaseka nawo.
Ondilemetsa mtima ndi akulu:
"Chala chimodzi chokha, m'bale wanga,
tachokera ku Manisa, mabasi awiri."
Sadziwa kuti chala chimodzicho
ndiwo mpata wopulumukira mwana pansi pa chitsulo
sitima ikazondoka, miyendo kumwamba.

Lamulungu lapitali kunabwera Doruk,
zaka zisanu ndi chimodzi, mano awiri akutsogolo kulibe.
Anaperewera chala.
Bambo ake anandinena kuti ndine mwala,
kenaka anakwera ndi mwana wamkulu,
namuuza wamng'onoyo: "Ima pompo, mphindi ziwiri basi."

Mphindi ziwiri!
Ine maso ali pa malamba,
ndikugwedeza chitsulo chilichonse, mpando ndi mpando,
makumi awiri ndi inayi.
Kumbuyo kwanga kunadutsa wogulitsa mabaluni,
nsomba zasiliva zikusambira mumphepo.
Sindinaone. Ndivomere, sindinaone.

Sitima inaima. Bamboyo anatsika akuseka,
kuseka kunamuthera pakamwa.
Ndinaona munthu wamkulu akuzungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu,
akuitana dzina limene nyimbo za akavalo amatabwa
zinkameza lisanafike patali.
Anathamangira kuchigudumu chachikulu,
kudziwe la mabwato, kuzimbudzi.
Chimkuzamawu chinalengeza:
kabudula wobiriwira, nsapato zowala kuchidendene.
Ana a makabudula obiriwira tsiku limenelo
analipo ngati mchenga.

Ndinatseka geti. Anthu pamzere anang'ung'udza.

Ndiye china chinandikoka malaya.
Doruk. Mamina, misozi, buledi wachitowe wolumidwa kamodzi
amene sindidziwa anam'patsa ndani.
Anatambasula mkono.
Mayi ake, asananyamuke kunyumba,
analembapo nambala yafoni ndi bolopeni,
koma thukuta ndi ayisikilimu
zinali zitanyambita manambala awiri omaliza.

"Amayi anati ndikasowa ndisatsate munthu aliyense,
ndifune wa malaya achikasu.
Inu ndinu oipa aja," anatero, akusisima,
"koma ndi achikasu."

Ndinamukhazika pampando wanga, pamthunzi.
Sindinamugwire dzanja, ndiye anagwira langa,
zolimba, ngati chitsulo chija ndimagwedeza.

Bambo ake atafika sanalankhule.
Anagwada pa simenti yotentha,
nanunkhiza mutu wa mwana wake, nthawi yaitali,
monga amachitira ndi khanda.
Kwa ine sanapepese. Sindinayembekeze.
Anangotulutsa bolopeni m'thumba la mwana wamkulu
nabwerezanso manambala aja pamkono,
dzanja likunjenjemera,
mpaka inki inalowerera.

Usiku, magetsi atazima chigawo ndi chigawo,
njanji ikulira teketeke pozizira,
ndinatembenuza thabwa langa.
Kuseri kwake kuli timizera ta pensulo,
ana onse amene ndinawakana nalira kwambiri:
Nilay, Berkay, mapasa a ku Bornova,
wina amene sananditchulire dzina.
Ena anabweranso atakula, nakwera, osandikumbuka.
Ndi bwino choncho.

Ndinalemba Doruk, chala chimodzi pansi pa mzera.

Mawa tikutsegula teni koloko.
Pali sukulu ziwiri zikubwera,
ndipo malaya anga sanaume.