Majezi Awiri pa Chingwe Chimodzi

Ine ndi amene ndimachapa majezi a timu.
Lolemba lililonse ndimawayanika kuseri kwa nyumba ku Kawale,
nambala wani pambali pa nambala faivi,
monga ndachitira zaka zisanu ndi chimodzi.
Nsalu zilibe mlandu.
Mphepo ikawomba, mikono yake imakhudzana.
Eni ake ayi.

Lembani wa pagolo, Tsogolani wotchinga kumbuyo.
Kukampu ankagona chipinda chimodzi,
chipisi cha pachiwaya ku Biwi ankatolera m'jumbo imodzi,
nsapato ankabwerekana
ngakhale wina phazi lake ndi bwato.
Lembani akangotsokomola pagolo
Tsogolani ankadziwa kumene mdani wabisala.

Mwendo wa wosewera ndi kandulo, anatero wina tsiku lina,
umawala uku ukutha.
Ndiye anaphatikiza ndalama zosainira
nagula minibasi yoyera, yotopera kale kwa eni ake kutsidya kwa nyanja,
yoti izithamanga Chinsapo–Tauni, Tauni–Chinsapo.
Kumbuyo analembetsa ndi penti yofiira:
CHIBALE NDI FUPA.
Pepala la mgwirizano panalibe.
Munthu dzina lake Lembani
koma sanalembe kanthu.

Dalaivala, mlamu wa Tsogolani.
Kondakitala, msuweni wa Lembani.
Miyezi itatu ndalama inkabwera madzulo ikununkha thukuta,
ankawerengera pa benchi yanga, akuseka.
Kenaka matayala.
Kenaka a zipewa zoyera pafupi ndi mlatho.
Kenaka mausiku atatu pamzere wa mafuta.
Kenaka madzulo ena kunabwera nkhani yokha, yopanda khobidi,
ndipo mawa lake nkhani ina.
Injini inanoka mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
oilo atauma ngati kukhosi kwa wamaliro.

Mlamu wako ankaba maulendo ausiku.
Msuweni wako wamanga ndi chiyani ku Mtandire?
Ndalama ya oilo ndinakupatsa pamanja.
Unandipatsa liti? Analipo ndani?
Ine ndinalipo, koma ndinkapinda masokosi,
ndipo wochapa safunsidwa.

Lero galimoto yakhala pa njerwa ku galaja ya ku Mchesi.
Nkhuku imaikira pampando wa dalaivala.
Dzuwa lakokota penti,
patsala CHIBALE NDI
ndipo aliyense wodutsa amamalizitsa yekha.

Loweruka lapitali, kutatsala mphindi ziwiri,
zigoli palibe,
mpira unakwera kuchokera kumanja, wofewa, waulesi,
woti ngakhale ine ndikanaugwira ndi beseni.
Unatsikira pakati pawo.
Pankangofunika liwu limodzi:
Wanga!
kapena: Chotsa!
Ndinawaona milomo. Yonse inali yosokedwa.
Wina anadikira mnzake ayambe,
mnzakeyo anadikira wina ayambe,
ndipo kamnyamata ka timu ina, kosamera ndevu,
kanangoika chipumi.

Ukonde unagwedezeka.
Masapota anakuwa kuti, Kakankheni minibasi yanu!
Kochi anaponya botolo pansi nalitolanso, poti madzi ndi odula.
M'chipinda chovalira kunali zii,
kumangomveka mpopi wodontha uja
ndi zingwe za nsapato zikumasulidwa.
Wina anatulukira khomo ili, wina khomo ilo,
aliyense pa kabaza wake,
ngakhale onse amakhala msewu umodzi.

Usiku ndikusanthula zovala ndisanaviike,
m'kachikwama ka magolovesi ndinapeza kiyi
womanga kachingwe kabuluu.
M'thumba la kabudula wa nambala faivi
ndinapeza mnzake, wosula pamsika,
mano ake ofanana ndendende.
Miyezi isanu ndi iwiri galimoto isakuyenda
koma onse amabwera nawo kumasewero.

Sindinawabwezere.
Ndawaika m'chitini cha mapegi, pamodzi,
akulira ndikachinyamula.
Amene ayambe kufunsa
ndidzamuuza kuti abwere ndi mnzake, adzasankhe okha
wake ndi uti.

Pakadali pano kuli mitambo cha ku Bunda.
Ndikaanule.