Mfuti Yovala Kapulana

Mlongo wanga Zefaniya amasoka popanda singano.
Ine ndimapalasa makina pakhonde la sitolo ku Ulongwe,
iye amakhala kuseri, pomwe netiweki imagwira,
chala chikuyenda pagalasi la foni yosweka pakona.
Akuti akuveka mfuti.

Tsiku loyamba ndinaseka mpaka ulusi kuduka.
Kodi mfuti imamva kuzizira?
Kuno mu Juni ngakhale mbatatesi zimanjenjemera m'matumba,
koma mfuti?

Anandionetsa. Anthu osadziwana akuthamangitsana m'mabwinja,
kuwomberana, kufa, kudzukanso osasasa n'fumbi lomwe,
aliyense akufuna chida chake chisafanane ndi cha mnzake,
monga amayi a kwaya amandinong'oneza
kuti kolala yawo ndiipinde mosiyanako pang'ono
ngakhale yunifolomu ndi imodzi.

Chimene anajambula ndinachizindikira asananene:
nkhanga zobiriwira pa nsalu yachikasu,
imodzi yopanda mutu, pomwe msoko unadutsa.
Kapulana wa mayi.
Nsalu imene anandiberekera usiku uja
tikuthawira ku Dedza, ku Domwe kukulira mfuti zosavala kanthu.
Zefaniya anali asanabadwe.
Kwa iye mfuti ndi phokoso la m'makutu
lomwe umalichepetsa ndi chala chachikulu.

Anagulitsa Lachinayi.
Wogula alibe dzina, ndi zilembo zosakaniza ndi manambala,
alibe mudzi, sanatsitse mtengo, sanati zikomo.
Mametikali analowa pafoni, tinagula malata anayi
ndi mankhwala a shuga a bambo.

Ndinati, ujambulenso ina, tigulitse kawiri.
Iye anapukusa mutu ngati ndatukwana m'tchalitchi.
Akuti kuli kaundula wopanda ofesi,
wopanda mlembi woti umupatse ya fanta,
wolembedwa m'makompyuta zikwizikwi nthawi imodzi,
mzere uliwonse wogwira unzake ngati tcheni cha njinga.
Mmenemo mwalembedwa kuti nkhanga zija
anazipanga ndi iye, koma mwini wake ndi uja.
Palibe angafufute.

Palibe angafufute!
Munda wathu ku Tsangano sunalembedwe paliponse,
malire ake ndi mtengo wa pichesi ndi mawu a anthu amene anafa,
ndipo chaka chilichonse mzere umodzi umasamukira kwa aneba.
Koma malaya a mfuti yosagwirika
ali ndi mboni zoposa anthu a mumsika muno.

Usiku wina magetsi atabwera mochedwa
ndinamva wasiya kukuwa.
Anali atabisala kuseri kwa khoma logumuka,
wina anatulukira pakona n'kumuwombera pachifuwa,
ndipo asanagwe anaona
nkhanga yopanda mutu ija ikumuyang'ana.

Anadzukanso, inde, onse amadzuka.
Koma foni anaiika chafufumimba pamphasa.

M'mawa anafunsa mtengo woiwombola.
Unali utakwera kakhumi.
Yadutsa m'manja atatu, kaundula akutero,
ndipo dzanja lililonse lamugwetsera kangachepe,
ngati nyenyeswa za buledi.
Iye amati ndiye chilungamo chimenecho.
Mwina. Ine madiresi amene ndinasoka
akavina ku ukwati sandibweretsera kanthu.

Ndinatsegula sutikesi ya pansi pa bedi.
Nsalu yeniyeni ilimo, yatha pakati pomwe panali msana wanga,
njenjete zadya nkhanga ziwiri,
ikununkhabe utsi ndi sopo wa kumsasa.
Sinalembedwe m'kaundula aliyense.
Mayi sananene kuti ndi ya yani.

Ndinadulako kachidutswa ka m'mphepete,
ndinakasokera mkati mwa kolala ya jekete lake,
pomwe sipaoneka, pomwe pamakhudza khosi.
Sindinamuuze.
Wapita nalo kuseri kwa sitolo,
ndikumumva akuuza anzake a kutali m'Chipwitikizi chothyoka
kuti amudikire, netiweki yabwerera.