Mlonda Wopanda Chipata

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinalondera matabwa ku Luwinga:
chikhoti chonunkha utsi, chibonga, mbaula ya makala onyowa.
Tulo ndinkatipirikitsa ngati galu wa eni.
Kampani itatseka anandipatsa kalata ndi envulopu yopyapyala,
koma palibe anakumbuka kuuza maso anga
kuti ntchito yatha.

Tsopano ndimagona ku Chibavi, pabedi,
pambali pa NyaLuhanga, amene akangotsamira
amamira ngati mwala mu Lunyangwa.
Ine ndimatsala kumtunda, kuwerenga:
lole ya ku Chikangawa ikusintha magiya,
nkhungu ikudontha pamalata,
lendi, fizi, lendi,
tambala wa a Mzumara wosadziwa nthawi.

Ndinayesa timapiritsi tachikasu.
Ndinayesa mapemphero a usiku wonse;
kumeneko ndiye ndinagonjetsa ndi abusa omwe.

Temwachi, mwana wanga wophunzira unamwino,
ndiye anandiyika foni m'manja:
"Adada, umu muli sukulu. Ya tulo."
Ndinaseka mpaka chifuwa.
Tulo n'kuphunzira, ngati njinga?

Lachiwiri lililonse, bandulo ikalola, netiweki ikalola,
Mayi Simwaka amatulukira pagalasi long'aluka,
nkhope yawo n'kuuma pakati pa chiganizo
ngati nawonso awodzera.
Mankhwala sapereka. Amapereka ntchito.

Lembani, akutero: mwagona nthawi yanji, mwadzidzimuka kangati.
Ndinagula kope pa Vigwagwa.
Kale ndinkalemba magalimoto olowa ndi otuluka,
lero ndikulemba tulo:
talowa itadutsa thuu koloko,
tatuluka folo isanakwane,
sitinasaine.

Wotchi muitembenuzire kukhoma.
Masana musagone, ngakhale dzuwa la pakhonde likunyengerereni.
Musakwere pabedi tulo tisanakukodoleni.
Tikakana, dzukani, kakhaleni kwina;
bedi lisazolowere kukhala bwalo la milandu.

Mu Juni, amayi? Ku Mzuzu kuno?
Kuzizira kwake mukukudziwa?

Ndinadzuka ndithu.
Bulangeti paphewa, kampando pafupi ndi thumba la chimanga,
kusankha nyemba m'lichero ndi kanyali kofooka,
mpaka zikope zitalemera zokha.
Sabata yoyamba ndinali nkhuku yonyowa.
Ndinasochera pa Katoto, msewu woti ndimaudziwa ngati chikhatho.
Foniyo ndinaitukwana m'zinenero ziwiri.

Lachiwiri lachinayi anafunsa china:
"Mukakhala maso, mumadziuza chiyani?"
Ndinakhala chete mpaka anayesa netiweki yadukanso.
Ndinati: ndikatsinzina, china chake chibedwa.
"Chiyani?"
Ndinayang'ana m'nyumba.
Mipando itatu. Wailesi. Njinga yopanda tcheni.
Mkazi wanga akupuma kuseri kwa katani.
"Nanga Loweruka lija munagona maola anayi,
chinasowa n'chiyani?"
Ndinatsegula kope, chala chikutsata mzere.
Bandulo inathera pomwepo.

Yankho ndinaliuza galasi lakuda,
momwe munali nkhope yanga yokha,
nkhalamba yovala chipewa cha kampani yomwe inafa.

Sindinena kuti ndachira.
Usiku wina lendi imabwerabe, kudzakhala pachifuwa
itavala nsapato.
Ndimaiuza kuti ofesi imatsegula m'mawa,
dzina lake ndalemba kale papepala, ili pamzere.
Pena imamva. Pena ayi,
ndiye nyemba za m'nyumba muno zilibe ndi kamwala komwe.

Koma Lachinayi lapitali alamu ndiyo inandipeza,
ine amene ndinkaidikira, n'kuizimitsa isanalire.
Kunja mabelu a kabaza, nkhungu ikunyamuka pamitengo.
NyaLuhanga ataima pakhomo ndi ndowa, akundiyang'ana
ngati mlendo wogona pabedi la mwamuna wake:
"Mkonono wanu lero, ngati macheka a ku Luwinga."

Pamzere wa usiku umenewo panalibe cholemba.
Ndinanyowetsa pensulo ndi lilime, mwa chizolowezi,
n'kulemba pang'onopang'ono:
Mlonda anagona.
Chipata chilipo.